Kompyuta Yofunda Chitenje

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, ndi kale la dzana lomweli mafoni atalowa kale m'thumba la aliyense, pa Balaka panali mtsikana wina dzina lake Sungeni. Ntchito yake inali yolumikiza makanema. Kukachitika ukwati, chinkhoswe, kapena kwaya ikafuna kuoneka pa kanema, ojambula ankabwera kwa iye ndi zojambula zawo zili balalabalala. Iye ankadula apa, kusoka apo, kuikamo nyimbo ndi mayina, mpaka kutuluke chinthu choti anthu n'kukhalira pansi kuonera. Luso anali nalo, ngakhale omuchitira nsanje ankavomereza. Chimene analibe ndi kompyuta yoti n'kuyendera limodzi ndi lusolo.

Kompyuta yakeyo anachita kusiyiridwa ndi mchimwene wake wamkulu, Wyson, munthu wokonza njinga zamoto za kabaza. Wyson ankakonda magemu a pakompyuta moti mukamuitana kudzadya ankayankha kuti akubwera, n'kufika mbale zitatsukidwa. Atadzimangira makina ena atsopano pogula chipangizo chimodzichimodzi, akale aja anapatsa mlongo wake. Anali makina otopa. Ukawayatsa unkatha kupita kukasamba, n'kubwerako akadali kudzuka.

Anawa ankakhala ndi mayi awo, Mayi Nangondo, amene maso awo anali atachita ng'ala. Zinayamba ngati chifunga cha m'mawa, kenako chifungacho chinakana kuchoka. Pamene mwana wawo wamzime, Sekanawo, ankakwatiwa, mayiwo anali asakuonanso kanthu koma kuwala ndi mdima basi. Anawakhazika kutsogolo m'tchalitchi, diresi la mwana wawo analiona ndi zala, ndipo nthungululu zikamveka ankakoka Sungeni pamkono n'kumufunsa chapansipansi ngati mng'ono wakeyo akumwetulira. Sungeni ankawauza kuti inde, misozi ili m'maso. Ukwati utangotha, Sekanawo ananyamuka ndi mwamuna wake kupita ku Joni kumene bamboyo ankagwira ntchito, ndipo panalibe wodziwa chaka chimene adzabwerere.

Pasanapite nthawi kunamveka kuti kuchipatala cha boma kukubwera madokotala a maso. Mayi Nangondo atapimidwa anauzidwa kuti diso limodzi likhoza kutseguka, ndipo anawapatsa tsiku lodzachita opaleshoni. Pobwerera kunyumba sanayankhule za mankhwala kapena za mantha. Anangonena chinthu chimodzi, kuti diso likatseguka akufuna kuona ukwati wa mwana wawo. Wina anawakumbutsa kuti zithunzi zilipo zambiri m'mafoni a anthu, iwo n'kukana kwamtuwagalu.

"Zapafonizo sungani," anatero. "Ine ndikufuna tsiku lonse, kuyambira pomwe ankamuveka mpaka pomwe ananditsanzika. Ndinalimva ndi makutu, tsopano ndilione."

Sungeni analonjeza kuti tsiku lochotsa bandeji kanemayo adzakhala atapsa. Kulonjeza n'kosavuta, inu mukudziwa. Ukwatiwo anajambula ndi mnzake wa Sungeni wa kuubwana, Zione, ndi kamera yatsopano yotulutsa zithunzi zoyera mbee koma zolemera kwadzaoneni. Kompyuta ija itaziona inangoti kakasi. Mkwatibwi akaponya phazi ankaima m'malere, mawu a abusa ankatsogola pakamwa n'kumatsatira pambuyo, kenako makina onse ankazima okha ali moto. Sungeni anayesa m'mawa kukadali kozizira, anayesa kudula kanemayo tizidutswa, koma sizinathandize. Anachita mantha, chifukwa mayi ake anali atayamba kale kuuza anzawo a kutchalitchi kuti adzabwere kudzaonera nawo.

Mwamwayi mwezi umenewo inali nthawi yake yolandira chipereganyu. Sizinali ndalama zoti n'kugulira kompyuta ina. Zinali zokwana chipangizo chimodzi chodula, kapena tizipangizo tingapo totsika mtengo, ndipo akalakwitsa kusankha panalibenso kwina kokatapa. Anazimanga bwinobwino n'kukwera basi ya ku Limbe.

Tsono mverani zimene anachita munthu woyamba.

Ku Limbe Sungeni analowa m'sitolo ina yogulitsa zipangizo za makompyuta. Mwini wake anali mkulu wa pakamwa potsekemera, uja amakutchula bwana usanakhale n'komwe pansi. Atamva vutolo anatsitsa kabokosi konyezimira n'kunena kuti mmenemo muli purosesa, ubongo weniweni wa kompyuta, ndipo akangoika kameneko makina ake adzathamanga ngati atsopano. Mtengo wake unali pafupifupi ndalama zonse zimene Sungeni anali nazo, zinthu zimene zikanayenera kumudabwitsa, koma mtima wake unali utagwa kale m'kabokosimo. Iyenso anali atamvapo kuti purosesa ndiye mwini zonse. Anayamba kumasula ndalama zija.

Pakona ya sitoloyo panali tebulo la wokonza makina, bambo wachinyamata dzina lake Kambani. Sungeni sankamudziwa, iyenso sankamudziwa Sungeni. Bwana wake atalowa kuseri kukayankha foni, Kambani anapempha kuti aone chithunzi cha m'kati mwa kompyutayo ngati chilipo. Atachiyang'ana anapukusa mutu. Anamuuza kuti purosesa imeneyo siingakhale pa bolodi yake yakale, pamene pamamangidwa zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta, miyendo yake ndi ina. Kuti igwire ntchito pafunika kugulanso bolodi yatsopano, ndipo bolodi yatsopanoyo idzakananso zina zonse zakale, mapeto ake adzabwerera ku Balaka ndi kabokosi kokongola koika pashelefu.

"Chemwali, purosesa yanu ndi wophika wabwinobwino," anatero Kambani. "Vuto lake mwamupatsa tebulo laling'ono, ndipo nkhokwe ili kutali. Mukulitseni tebulo, muyandikitse nkhokwe, muona."

Tebulo limene ankanenalo ndi ramu, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira. Nkhokwe ndi disiki yosungira zinthu, ndipo iye ankati agule yamakono ija yopanda chozungulira m'kati, imene imapereka zinthu msanga. Ali m'kati mofotokoza, bwana uja anatulukira. Anamva zokwanira. Sanakalipe pamaso pa kasitomala, anangouza Kambani kuti popeza wayamba kudziwa malonda kuposa mwini sitolo, atole zida zake akatsegule yake. Kambani anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda ku Bangwe, ndipo ntchito imeneyo anaipeza movutikira. Anatola zida zake mwakachetechete.

Sungeni anagwidwa ndi chisoni ndi manyazi, koma Kambani anati madzi akatayika saoleka, tiyeni tikagule zofunikazo. Anamutengera kwa anthu ogulitsa zipangizo zogwirapo kale ntchito, ndipo chilichonse ankayamba wachiyesa asanalole kuti ndalama ituluke. Anapeza ramu ndi disiki ija, ndalama n'kutsalako pang'ono. Sungeni ankafuna zotsalazo agulire masipika, koma Kambani anaumirira pa chibokosi china chakuda chosaoneka bwino, chija amati pawa sapulayi, chimene chimagawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Anati chakalecho n'chofooka, tsiku limene makinawo adzalandire chipangizo champhamvu chidzapsa n'kupsereza zinzake. Sungeni anagula monyinyirika, ndipo m'basi monse ankachiyang'ana chibokosicho ngati chamubera.

Popeza ntchito inali itamuthera, Kambani anadzilipirira yekha basi n'kubwera ku Balaka kudzamanga zipangizozo. Atalowa m'chipinda anafunsa kumene kuli kompyuta, pakuti chimene ankaona patebulo ndi mtolo wokutidwa ndi chitenje cha kutchalitchi, chopisiridwa bwinobwino m'mbali zonse. Apa m'pamene chinsinsi cha kutentha kuja chinaululika. Mayi Nangondo, podziwa fumbi la pa Balaka, ankati Sungeni akangotuluka iwo n'kupapasa mpaka patebulo, kuyifunditsa kompyuta ija ngakhale ili m'kati mogwira ntchito. Ankati chinthu chodyetsa banja sichikhala pamtetete ngati chilibe mwini. Sungeni ankachotsa chitenjecho akabwera osaganizapo kanthu, pakuti kwawoko wailesi, tebulo ndi kabati zonse zinkafunda.

Kambani anakhala pansi pafupi ndi mayiwo n'kuwafotokozera mwaulemu kuti makinawa amapumira m'mbali, ndipo akafunda amabanika. Mayi Nangondo anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye nthawi yonseyi ine ndakhala ndikum'phika mwana wa eni?" anafunsa.

Kambani anapukuta fumbi, anamanga zatsopano zija, ndipo kompyuta inadzuka msanga moti Sungeni anaombera m'manja. Chinatsala n'kusamutsa ukwati uja kuchoka mu disiki yakale kupita mu yatsopano. Koma tsoka silinunkha. Disiki yakaleyo inali itapsa kale m'kati chifukwa cha kufunda kuja. Itangoyamba kupereka zinthu inalira kuti ke, ke, ke, n'kukhala chete. Kambani anayesa nzeru zake zonse, anaitembenuza, anaiziziritsa, anailumikiza kwina, koma inali itapita. Ukwati wonse wa Sekanawo unali mmenemo.

Tsono mverani za munthu wachiwiri.

Ojambula a m'matauni aang'ono ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Timakhadi tosungira zithunzi mu kamera n'todula, ndipo ambiri amakhala ndi tiwiri kapena titatu basi. Akajambula Loweruka amakakhuthulira zonse mu kompyuta ya wolumikiza, n'kufufuta timakhadito kuti tikagwire ntchito Loweruka linalo. Sungeni ankakumbukira bwino kuti iye mwini anauza Zione kuti afufute, zonse zalowa. Choncho popita kwa mnzakeyo sankapita kukapempha kanthu. Ankangofuna munthu woti alire naye, ndiponso womuthandiza kupeza mawu okauzira mayi ake.

Anam'peza Zione akuchapa kuseri kwa nyumba ya lendi imene ankakhala ndi ana ake awiri. Sungeni anafotokoza uku akusisima. Zione anamvetsera osamudula, anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo kamene kale munali mafuta odzola. Mmenemo munali timakhadi tija, ukwati wonse uli momwemo osakhudzidwa.

"Ine sindifufuta ukwati eni ake asanauone," anatero Zione. "Makamaka uwu. Ndinawaona amayi akupapasa diresi lija, dzanja langa likanafufuta bwanji?"

Mtengo wa kukana kufufuta kwakeko Sungeni anaudziwa pambuyo pake kuchokera kwa anthu ena, pakuti Zione sanaunene. Sabata yotsatira ukwatiwo anali ataitanidwa kukajambula msonkhano waukulu wa amayi a mipingo yonse ya m'deralo, ntchito imene ojambula onse a pa Balaka ankailota chifukwa aliyense wa amayiwo ali ndi mwana wodzakwatira mawa. Timakhadi tina analibe, ndalama zogulira analibe, ndipo tamtundu wa kamera yakeyo sitinkapezeka pafupi. Anasankha kuwapepesa amayiwo n'kuwalozera kwa wojambula wina. Winayo anajambula bwino, ndipo kuyambira pamenepo maukwati a mipingo ija anayamba kupita kwa iyeyo. Zione anabwerera kumajambula zithunzi za ziphaso pakhonde, atapachika nsalu yoyera pachingwe choyanikira zovala.

Sungeni anam'kumbatira mnzakeyo. Anathamangira kunyumba, ndipo ntchito inayamba kuyenda. Tsopano mkwatibwi ankaponya phazi n'kulitsitsa, mawu a abusa ankatuluka pakamwa pa abusa. Sungeni anadula, anasoka, anakonza kuwala, anasankha nyimbo zimene mayi ake ankakonda. Mayiwo ankakhala pakhomo kumvetsera, manja akuwayabwa kufuna kufunditsa makina, koma ankadzigwira.

Tsiku la opaleshoni litayandikira, panatsala gawo lomaliza, lija kompyuta imaphika zidutswa zonse kuti zikhale kanema mmodzi woonereka pa TV. Gawo limeneli limalemera pa chipangizo china chotchedwa khadi ya zithunzi, chomwenso anthu a magemu amachilambira. Khadi ya Sungeni inali yakale, ndipo nayonso inali itaphikidwa mokwanira pansi pa chitenje. Itafika pakati pa ntchito, nkhope ya Sekanawo inadzaza mizere yobiriwira, kenako sikirini inada. Kambani, amene anali akadali pa Balaka kwa mbale wake kufunafuna maganyu, anabwera kudzaona. Anati khadiyo yatha, ndipo popanda ina makinawo sangaonetse ngakhale chilembo. Ndalama za chipereganyu zinali zitatha kalekale.

Ndiye mverani za munthu wachitatu.

Wyson anali ndi khadi yotero, yamphamvu, imene anaisonkhera nthawi yaitali akudzimana ngakhale nsapato. Koma sabata yomweyo ku Blantyre kunali mpikisano wa magemu a mpira, umene aliyense ankapita ndi makina ake. Wyson anali atapambana kale m'zigawo zoyambirira, ndipo odziwa ankati chaka chimenecho palibe womuletsa. Mphoto yake ikanamukwanira kuyamba chimene ankalakalaka, malo ake oseweretsa magemu, kuti asiye kugona pansi pa njinga zamoto zamafuta. Anthu ankamuseka kuti bambo wamkulu ndevu pepeya akusewera za ana, ndipo iye ankadikira tsiku limeneli kuti awatseke pakamwa.

Sungeni sanam'pemphe. Ankadziwa chimene khadiyo inali kwa mchimwene wake, ndipo anaona kuti kupempha kukanakhala ngati kumulanda. Anangokhala pakhonde atagwira tsaya. Wyson anadutsa kamodzi, anadutsanso kachiwiri. M'mawa wa tsiku limene amayenera kunyamuka, chikwama chili chomangamanga, analowa kuchipinda kwake n'kukhalitsako. Anatuluka atanyamula chinthu chokulungidwa m'malaya ake a mpira, anachiika patebulo la mlongo wake mosamala ngati dzira.

"Mpikisano udzabweranso," anatero. "Usaigwire ndi manja a mafuta."

Sungeni anati, "Achimwene, simungatero," koma Wyson anali atatuluka kale, ndipo tsiku lonselo anakalithera ku njinga zake. Kunena zoona zinamupweteka, ndipo sanabise. Kambani pomanga khadiyo anamuyang'ana Sungeni n'kuloza chibokosi chakuda chija anagula monyinyirika. Anati chikanakhala chakale, khadi ya mchimwene wakeyo ikanapsa pomwepo, nyumba n'kudzaza utsi. Sungeni anangoseka, manyazi ali tho. Makina anayamba kuphika kanema uja mwakachetechete, mphepo ikulowa ndi kutuluka m'mbali mopanda chotchinga, ndipo anamaliza Mayi Nangondo ali kale kuchipatala. Ku Blantyre mpikisano unachitika, anapambana munthu amene Wyson ankamugonjetsa kawirikawiri.

Opaleshoni inayenda bwino. Atachotsa bandeji, Mayi Nangondo anaphethiraphethira, anayang'ana denga, anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana Sungeni kwa nthawi yaitali n'kumuuza kuti waonda, kodi sakudya. Kunyumba anapeza anzawo a kutchalitchi atadzaza kale pabalaza. Anawakhazika pampando wa patsogolo, atavala magalasi akuda a kuchipatala, ndipo Sungeni anayatsa TV.

Sekanawo anaoneka atakhala pampando akumuveka chophimba kumutu, akuseka ndi mano onse. Mayi Nangondo anavula magalasi aja ngakhale adokotala anawaletsa. Anadzuka, anayandikira, anaika dzanja pagalasi la TV pamene panali tsaya la mwana wawo. Anaona diresi lija analidziwa ndi zala, anaona mkamwini wawo kwa nthawi yoyamba n'kunena kuti ndi wamfupi kusiyana ndi mawu ake. Kenako panaoneka mayi wina wa imvi akuvina pa perekaniperekani, akuponya ndalama kumbali kumene kunalibe mbale, ana akuthamangira kutola. Anafunsa kuti gogo ameneyo ndi wa kuchimuna kapena kuchikazi. Atauzidwa kuti ndi iwowo, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Analira Sungeni, analira amayi a kutchalitchi, ngakhale Wyson anatuluka panja n'kumati fumbi lamulowa m'maso. Chinali chimwemwe chenicheni, chimene nyumba imeneyo inali itachiiwala.

Kanema atatha, Mayi Nangondo anafuna kudziwa mmene zinayendera, ndipo Sungeni anawafotokozera zonse osabisa, za ku Limbe, za kabotolo ka Zione, za mpikisano wa Wyson. Kenako mayiwo analamula kuti Lamulungu likudzalo atatuwo adzabwere kudzadya, ndipo tambala wamkulu wa pakhomopo aphedwe.

Kumaso kwa nyumba yawo, moyang'ana msewu, kunali kachipinda kamene mayiwo ankagulitsiramo sopo, mchere ndi mafuta maso asanawavute. Kanali kotseka kuyambira nthawi imeneyo. Kanali kakang'ono, koma kanali ndi magetsi, chitseko cholimba, ndipo anthu onse opita kumsika ankadutsa pomwepo. Alendo atasamba m'manja, mpunga ndi nkhuku zili patebulo, Mayi Nangondo anatulutsa kiyi wa kachipindako n'kumuika pambali pa mbale. Anati iwo golosale sadzayambiranso, ndipo kachipindako akufuna kakhale ka munthu amene anawaonetsa ukwati wa mwana wawo, agwiriremo ntchito yake popanda lendi. Za makina iwo sadziwa, choncho wosankha akhale Sungeni. Ndipo popeza pakhomo pakaphedwa nkhuku nthutumba imapita kwa mlendo wolemekezeka, amene Sungeni amuikire nthutumba m'mbale ndiye mwini kiyi.

Sungeni anayesa kuzemba. Anati atatuwo akhoza kugawana kachipindako. Koma aliyense ankaona kuti sizingatheke. Anyamata a magemu amakuwa chigoli chikalowa, wojambula amafuna khoma loyera ndi bata, wokonza makina amafuna tebulo lalitali loyalapo zida, ndipo mkatimo munthu akatambasula manja amagwira makoma onse awiri. Mayi ake anangoti nkhuku imakhala ndi nthutumba imodzi, ndipo iwo chibadwire sanaonepo ikudulidwa patatu.

Atatuwo poyamba anakankhirana mwaulemu, uyu akuti apatseni awo, uyo akuti ayi apatseni awa. Koma njala ya malo inali pa onse, ndipo ulemu wotere sukhalitsa. Anayamba ndi Wyson, moseka koma mosaseka. Anati ramu ndi disiki n'zabwino, timakhadi n'tabwino, koma pamapeto pake sikirini inali yakuda, ndipo chimene chinaiyatsa ndi khadi yake. Ena anapereka nzeru, ena anasunga zimene anali nazo kale, koma iye anachotsa chinthu m'makina ake n'kutaya tsiku limene analidikira chaka chonse.

Zione anayankha modekha kuti khadi yamphamvu ikanaphika chiyani mumphika mopanda kanthu. Kompyuta ikanatha kubwerekedwa kwina tsiku lina, ngakhale mochedwa, koma ukwati ukafufutika sujambulidwanso, pokhapokha Sekanawo akwatiwe kachiwiri. Anawonjeza kuti iye anasankha yekha, popanda womuona, pa nthawi imene panalibe vuto lililonse loti n'kumuyamikira.

Kambani anayankhula pomaliza, maso ali pansi. Anati iye ndi mlendo pakhomopo ndipo sangalimbane ndi mwana wa m'nyumba kapena mnzake wa kuubwana. Koma akanakhala chete m'sitolo muja, ndalama zonse zikanathera m'kabokosi kosagwira ntchito, chitenje chikanapitiriza kufunda, timakhadi ta Zione tikanasowa pokhuthulira, ndipo khadi ya Wyson ikanapsa tsiku lomwelo. Awiriwo anathandiza munthu wawo. Iye anataya ntchito chifukwa cha munthu amene sankamudziwa ngakhale dzina.

Amayi a kutchalitchi amene anabwera kudzathandiza kuphika nawonso sanakhale chete kukhitchini. Wina anati chibale ndi fupa sichiola, kiyi asatuluke pakhomo. Mnzake anamutsutsa kuti n'chifukwa chake Wyson sayenera mphoto, pakuti anachitira mayi ake omubala, ndipo mwana salipidwa pogwira ntchito ya pakhomo. Wina anati Zione ndiye mwini nkhani, koma wina anati ameneyo anangotsata khalidwe lake la masiku onse, mwayi ndi umene unamukometsa. Za Kambani ena anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ena anati kunena zoona ndi udindo wa munthu aliyense, sikugula nyumba. Anakangana mpaka ndiwo zina zinatsala pang'ono kupserera.

Sungeni anaimirira ndi chipande m'manja, nthutumba ili momwemo. Anayang'ana mchimwene wake, amene zikhadabo zake zinali zakuda ndi mafuta a njinga. Anayang'ana Zione, amene ana ake awiri anali pakhomo kudikira makoko a mpunga. Anayang'ana Kambani, amene anali asanauzebe mkazi wake tsiku lobwerera ku Bangwe chifukwa analibe chopita nacho. Onse atatu ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti awiri atuluka m'nyumbamo akumwetulira pamaso pokha. Mayi ake anali phee pampando, akumuyang'anitsitsa ndi diso lawo latsopano lija, osaphethira.

Ine nkhani yanga ndaitula pano, chipande chikadali m'malere ndipo msuzi ukudontha. Inu amene mwamva zonse, tandiuzani: nthutumba imeneyi igwere m'mbale ya yani, ya Kambani amene ananena zoona n'kutaya ntchito, ya Zione amene anakana kufufuta n'kutaya makasitomala, kapena ya Wyson amene anapereka khadi yake n'kutaya mpikisano?